Makamisolo a Abiti Omali

M'zaka za Chitaganya, mlendo akafika ku Kabwata, mu Lusaka, n'kufunsa nyumba ya Saida, anthu ankayamba ayang'anana kaye. Koma akangoti, "Abiti Omali wa makamisolo," ngakhale munthu wochokera ku mowa ankaloza osaphonya. Kanali kanyumba kozungulira, kaudzu, kofanana ndi tinzake tonse ta manisipalati. Chosiyanitsa chinali chimodzi: panja pake, pansi pa mtengo wa mabulosi, pankakhala mwamuna wa kofiya yoyera ndi bawo lake, nkhope ngati wothamangitsidwa pakhomo. Ameneyo anali Che Lajabu, mwamuna wa Saida, ndipo analidi wothamangitsidwa.

Awiriwa anachokera ku Fort Johnston, ku Nyasaland. Che Lajabu ndiye anatsogola, napeza malo pakhonde la sitolo ya mmwenye mu Stanley Road, pomwe ankasoka makabudula a khaki ndi mayunifomu a antchito a m'nyumba za azungu. Saida anatsatira pambuyo, mwana wake Asia ali kumsana, mtolo uli pamutu. Anali mkazi wamfupi, wojintcha, wa kampata pakati pa mano, ndipo mawu ake ankafika ku mpopi mwini wake akadali pakhomo. Kusoka anaphunzira mwakuba, pa makina akale amene mwamuna wake ankasunga kunyumba. Che Lajabu atazindikira anakalipa, kenaka anayang'anitsitsa msoko wake, nangoti, "Hm." Kwa munthu ameneyo, chimenecho chinali chiyamikiro chachikulu.

Nkhani ya makamisolo inabwera ndi Eness, mnzake wa Saida, amene ankalera ana a mzungu ku Woodlands. Eness anabadwira mu Lusaka momwemo, ndipo lilime lake linali la m'tauni. Tsiku lina anafika ndi kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala.

"Ba Saida, muli shani? Onani vamene a dona bataya."

Anakafunyulula. Kanali kansalu koyera ka timatumba tiwiri tosongoka, ndi zingwe. Che Lajabu anakatenga, nakatembenuza uku ndi uku monga katswiri.

"Izi ndi zipewa za mapasa," anatero. "Koma azungu! Mpaka kuwamangirira ana mitu pamodzi?"

Eness anaseka mpaka kugwa pa mkeka. Atafotokoza ntchito yake, Che Lajabu anakaponya pansi ngati kamuwotcha, natuluka kukasamba m'manja.

Saida sanaseke nthawi yaitali. Zovala zoterezi ankaziona pa galasi la masitolo a mu Cairo Road, momwe munthu wakuda sankalowa, ankangogulira pa kawindo ka m'mbali. Ndani akanaima pa kawindo, anthu ali pamzere kumbuyo, n'kumakuwa kukula kwa chifuwa chake? Anakasomola kansaluko msoko ndi msoko, nayala zidutswa pa thumba la ufa, nadula. Kamisolo woyamba anavala Eness. Anamukhala bwino, kungoti kumanzere kunali chithunzi cha tambala wa kampani ya ufa, ndipo kumanja kunali mchira wake. Wachiwiri anasoka ndi kaliko. Pofika nyengo ya mvula, akazi ankachokera ku Kamwala ndi ku Chilenje kudzayezetsa.

Nyumba ya chipinda chimodzi siingasunge mwamuna ndi akazi ovula mabulauzi nthawi imodzi. Ndiye chifukwa chake Che Lajabu, akaweruka ku ntchito, komanso Lamlungu lonse, ankakhala pansi pa mabulosi. Iye yemweyo ndiye anagula galasi lalitali pa okushoni ya mzungu wina wobwerera kwawo, nabwera nalo pa njinga, ana a komboni yonse akumuthamangira kuti adzione. Mu Kabwata monse munalibe galasi lina loonetsa munthu kuyambira kumutu mpaka m'chiuno.

Manambala a pa tepi Saida ankawadziwa, koma sankawatchula. Ankamuyang'ana munthu n'kugamula: "Mandimu." Wina, "Mapapaya." Wina, "Maungu, bwerani ndi nsalu yanu." Amayi oyamwitsa ana ambiri ankawauza mwaulemu kuti, "Awa agwira ntchito, tiwapatse penshoni yabwino." Palibe ankakwiya, chifukwa pakamwa pake pankatuluka chipongwe chopanda minga. Chodabwitsa n'chakuti iye mwini sankavala kamisolo. Ankangomanga nsalu pachifuwa monga anachitira amayi ake, ndipo pagalasipo sankaimapo. Ankati galasi ndi la makasitomala.

Lachinayi lililonse amayi a ku Kabwata ankakumana ku holo ya welofeya kuphunzira kuluka ndi kuphika masikono. Ambiri ankapitira tiyi. Tsiku lina, m'malo mwa dona wa zoluka, kunabwera nesi wa ku chipatala cha anthu akuda, Nesi Chibesa, mtsikana wamtali wa ku Kasama, wosaseka wamba. Anaika patebulo sokosi yodzaza ndi mapira, yomangidwa kukamwa.

"Ba mayo," anayamba, "lelo nikamba pa khansa ya mabele. Iyamba monga kachotupa kang'ono, kosababa. Mukakapeza msanga, a dokotala bangachose. Mukachedwa, ni imfa. Manje mwezi uliwonse, mukasiliza kumwezi, imililani pa galasi, muyang'ane, mukweze dzanja so, mufufuze na vala vitatu ngati muli chotupa."

"Chitupa?" anafuula Bana Mwape. Ameneyu anali woyandikana nyumba ndi Saida, mayi wofulula mowa mobisa, mkazi wa Ba Musonda a ku njanji. "Amuna bathu bapolisi babafunsa chitupa mu msewu. Manje na ise mufuna chitupa mu delesi?"

Holo yonse inagwa ndi phwete.

"Chotupa, ba mayo, osati chitupa."

"Vonse ni va Chitaganya," anatero Bana Mwape. "Uja mwaka banati shuga yabwino, kansi baikamo mankhwala yakuti tisabale. Lelo bafuna mabele."

Nesi Chibesa anayendetsa sokosi ija kuti aliyense afufuze nzama imene anabisa m'kati mwa mapira. Inayenda m'manja ngati khala la moto. Wina anaitsina, wina anainyamula ngati mwana, wina anafunsa ngati mapirawo akatsala angatenge. Kenaka zifukwa zinayamba kugwa ngati mvula ya matalala. Mayi wina anafunsa kuti galasilo alipeza kuti, poti kwake kuli kachidutswa kometera ndevu koonetsa diso limodzi. Mnzake anati m'nyumba mwake ana ali mbwee, ku bafa la anthu onse ukangochedwa pang'ono chitseko chimagogodedwa ngati kwabwera apolisi. Adzigwiregwire nthawi yanji? Mayi wachikulire wa mpango wa Mvano anati munthu wofunafuna matenda amawapeza, chifukwa matenda ali ndi makutu. Bana Mwape anamaliza: "Aya yali na mwine wake, Ba Musonda. Ngati muli kanthu, bazaniuza."

Saida sakanalola kuti nthabwala zithe iye asanaponyepo yake.

"Anesi," anatero, "manja angawa agwira zifuwa za Kabwata yense ndi theka la Chilenje. Nzama sindinaipezepo. Amenewo ndi matenda a azungu, odya tchizi ndi kuyamwitsa ana botolo."

Potuluka, nesiyo anamutsatira. Anali atamva za galasi lija, ndipo anapempha kuti amayi akamabwera kudzayezetsa, Saida aziwakumbutsa. Saida anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, anthu amabwera kwa ine kuti atuluke akunyada. Ndiziwauza za imfa ali chivulire? Mawa lake ndidzasokera ndani, mbuzi?"

Inapita miyezi. Tsiku lina m'mawa Eness anafika akunong'ona, chinthu chimene sankachidziwa bwino.

"Ba Saida, a dona babwela ku Salisbury. Banakamba ati bayenda ku holide, kansi ni ku chipatala. Babachosa bele limodzi. Manje vovala vonse vikhala mokhota, bachita manyazi kuyenda ku shopu. Nabauza za imwe."

Saida anavala nsalu yake ya ku mapemphero a Ijumaa, natenga tepi, nakwera basi. Ku Woodlands analowera chipata cha kumbuyo, galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe akumununkhiza zidendene. Aka kanali koyamba kuponda m'chipinda chogona cha mzungu. Pansi panali pofewa moti anayang'ana ngati waponda mphaka. Dona anali mkazi wowonda, wa tsitsi lofiirira, ndudu ili pakati pa zala. Anatseka chitseko, nayang'ana kudenga, navula gauni.

Kumanja kunali bere monga mwa masiku onse. Kumanzere kunali see, ngati bwalo losesa, ndi chipsera chachitali chochokera pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa. Saida anafuna kunena mawu achisoni, koma maso ake a utelala anafika msanga kuposa mtima. Anayandikira, natsata chipseracho ndi chala.

"Anasoka ndani apa?"

"Ba Saida!" anatero Eness.

"Ayi, afunseni. Taonani, apa wakoka, apa wasiya mpata, apa ulusi wathawa. Munthu ameneyu Che Lajabu sakanamulola ngakhale kupinda kabudula."

Dona anafuna kudziwa zimene zanenedwa. Eness anamasulira akuyang'ana pansi, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ntchito yatha. Dona anayang'ana Saida. Kenaka anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, mpaka anakhala pabedi misozi ili chuchuchu, ndipo panafika pena posadziwika ngati akuseka kapena akulira. Atapuma anati chibwerere ku chipatala aliyense amamulankhula ngati ali kale m'bokosi, mpaka mwamuna wake amayenda monyang'ama m'nyumba yake yomwe. Anawauzanso, Saida asanafunse, kuti kanthuko anakapeza yekha posamba, kakang'ono ngati nsawawa, ndipo dokotala anati akanadikira chaka nkhani ikanakhala ina.

Saida anasoka kamisolo wa kathumba kumanzere. Poyamba anaikamo thonje. Thonje linapepuka, ndipo dona atapita kukasewera tenisi, bere latsopanolo linakwera mpaka paphewa. Anaikamo mapira, pokumbukira sokosi ya nesi. Mapira anakhala bwino kwambiri, olemera mofanana ndi linzake, mpaka wochapa zovala anachapa osatulutsa kathumbako, nyengo ili ya mvula. Eness anabwera akuthamanga: "Ba Saida, bele ya a dona yamela!" Pamapeto pake Saida anadula mikanda yake yakale ya m'chiuno, naithira m'kathumbako. Mikanda siimera, siiwola, ndipo imayenda ndi thupi. Dona anaitanitsa ena atatu.

Ku mpopi Saida sanaulule dzina la munthu, koma ankati, "Ndinanena ine, ndi matenda a azungu." Komabe china chinamutsalira m'mutu. Iye ankadziwa kuti munthu akadulidwa chiwalo ku chipatala ndiye kuti wapita. Koma uyu anamuona ndi maso ake akukalipira galu, akudya buledi, akuthamangitsa kampira.

Tsiku lina masana, makasitomala atapita, Eness anabwera kudzacheza. Saida anali wokondwa, ndipo akakondwa ankasanzira anthu. Anasanzira Bana Mwape pothawa apolisi ndi chigubu. Anasanzira Che Lajabu akaluza bawo. Kenaka anaima pagalasi, nawongola khosi, nakweza dzanja limodzi monga Nesi Chibesa.

"Ba mayo," anatero ndi mawu a m'mphuno, "mufufuze na vala vitatu. So. Mozungulila, mozungulila, monga musakila shiling'i mu mapila..."

Zala zinaima.

Kumanja, cha kufupi ndi m'khwapa, kunali kanthu. Kolimba, kozungulira, kothawa chala ukakadina. Anachotsa dzanja, nalibwezeranso. Kanali pomwepo.

Eness anali akuseka, akupukuta maso ndi mpango. "Pitilizani, ba Saida!"

"Basi, ndatopa," anatero Saida, namanga nsalu yake molimba kuposa kale. Anasekako pang'ono kuti mnzake asadabwe, koma kuseka kwake kunamveka ngati chitini chopanda kanthu.

Sanauze munthu. Ankadziuza kuti ndi mkaka wakale wa Asia umene unaiwalika. Ankati mwina wadzigunda pa makina. M'mawa uliwonse ankalumbira kuti sakagwiranso, chifukwa mayi wa Mvano uja mwina ananena zoona, kanthuko kanamva kuitana. Asanamalize kulumbira, dzanja linali litapita kale. Ntchito inayamba kusokonekera. Mkazi wa aphunzitsi anabweza kamisolo amene thumba lina linkayang'ana kumwamba, lina ku Kamwala.

Che Lajabu anazindikira chifukwa cha bata. Anaika nsapato pa mkeka, osakalipiridwa. Anati tiyi wachepa shuga, nangowonjezeredwa popanda mawu. Zimenezi zinamuopsa kwambiri. Tsiku lina atabwera ku Ijumaa, sanapite pansi pa mtengo. Analowa, nakhala pa mpando wa makina.

"Abiti, mwandilakwira chiyani kuti mukhale chete chonchi?"

Saida anamuyandikira. Anatenga dzanja la mwamuna wake, naliika pamalopo. Che Lajabu anakamva kanthuko, maso ali kukhoma. Kenaka anadzuka, navala kofiya, natuluka. Saida anati mumtima, ndi zimenezo, wapita kukayang'ana wina wa ziwalo zokwanira.

Anabwerako dzuwa lisanalowe, ndi botolo la madzi owerengeredwa mapemphero ndi ashehe.

"Ashehe akuti mumwe awa," anatero. "Akutinso mawa mupite ku chipatala. Akuti Mulungu amene analenga madzi ndi yemweyo analenga madokotala, ngakhale a ku Ulaya."

"Akandidula."

"Mwina."

"Akandidula, inu mukatenga mkazi wachiwiri. Chipembedzo chikulolani."

Che Lajabu anavula kofiya, nakanda mutu. "Abiti, makutu ndili nawo awiri okha, ndipo onse munawatenga kalekale. Mkazi winayo azidzalankhulira pati?"

Saida analira ndi kuseka nthawi imodzi, namutukwana pang'ono, ndipo mwamunayo anapumira m'mwamba poona kuti nyumba yabwerera mwakale.

Makoma a ku Kabwata anali ndi makutu kuposa matenda. M'mawa, Che Lajabu akupopa njinga, Bana Mwape anali atafika kale.

"Mwandi, osayenda! Kuja kuli banyama. Bazakugoneka, bakuchose magazi yonse, bagulise. Nili na munthu ku Chibolya, amachosa vinthu na nyanga chabe."

Saida anaima, phazi limodzi pakhomo, lina panja. Mantha a Bana Mwape anali akenso. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakwera pakaliyala, nagwira malaya a mwamuna wake.

Chimene ankaopa kwambiri panjira sichinali mpeni. Chinali nkhope ya Nesi Chibesa. Anamupeza pakhonde la chipatala akukankha kangolo ka mabotolo.

"Anesi," anatero Saida, maso ali pansi, "ndapeza nzama."

Nesiyo anamuyang'ana. Pakona pa mlomo wake panagwedezeka pang'ono.

"Ba Saida, kansi mumadya tchizi?"

Ananena zokhazo, namugwira dzanja, nalowa naye.

Dokotala anali mwamuna, mzungu wachinyamata wa manja ozizira ngati chule. Saida, amene anavula Kabwata yense popanda kuphethira, anagwira bulauzi yake ndi manja awiri ngati akumulanda. Zinatheka Nesi Chibesa ataima pakati, n'kumuuza kuti ayang'ane kukhoma n'kumatchula mayina a midzi ya kwawo. Dokotala anati kanthuko kachotsedwe, katumizidwe kukayezedwa, ndipo za bere lonse adzakambirana yankho likabwera. Tsiku la opaleshoni, atamugoneka pa kabedi ka matayala, Saida anakoka nesi pa yunifomu.

"Muwauze asoke mofupikitsa. Asathamange. Akafika pokhota achepetse dzanja."

Nesi Chibesa anamasulira mawu ndi mawu, ndipo dokotala analonjeza kuti ayesetsa.

Atatsitsimuka, asanatsegule n'komwe maso, manja anathamangira pachifuwa. Kumanzere, lilipo. Kumanja, lilipo, lokutidwa ndi mabandeji. Anagonanso. Yankho linachedwa, ndipo masiku odikirawo Saida anaonda mpaka nsalu inkazungulira kawiri. Litabwera, dokotala anati sikanali khansa, kanali kachotupa wamba kamene akazi ambiri amakhala nako.

"Wamba?" anatero Saida. "Ndasala kudya, ndalira, ndatsanzika abale, chifukwa cha chinthu wamba?"

Nesi anamuuza kuti wamba ndi woopsa amafanana pa chala, amasiyana pa makina a dokotala okha. Saida anavomera, koma panjira yonse ankadandaula ngati munthu amene wabetsa.

Atabwerera, akazi anadzaza pakhomo. Aliyense ankati wabwera kudzayezetsa, koma maso onse anali pa chifuwa cha telala, kuwerenga. Saida anawalowetsa, natseka chitseko, namasula nsalu.

"Onani, muleke kundiyang'ana ngati nkhuku yoona chimanga m'botolo. Onse alipo. Magazi anga aliponso, Bana Mwape, mukafuna ndikukandeni muone mphamvu. Ndipo taonani msoko. Mnyamata uja ndi womvera. Atakhala miyezi ingapo pakhonde ndi Che Lajabu akhoza kukhala telala."

Kuyambira pamenepo anaika lamulo. Anapachika nsalu yotchinga kutsogolo kwa galasi, ndipo aliyense wofuna kamisolo ankayamba walowa kuseriko yekha, kudziyang'ana, kukweza dzanja, ndi kufufuza. Saida ankaima kunja kwa nsaluyo akulamula ngati kapitawo: "Zala zitatu, osati kutsina! Mozungulira! M'khwapa mwafikamo?" Akatero ndiye tepi inkatuluka.

Sikuti onse anamvera. Atsikana opita kusukulu ankachita mosavuta, ena mpaka kufunsa mafunso amene Saida ankawatumiza nawo kwa nesi. Amayi ena ankalowa kuseri, n'kuima phee, n'kutuluka akuti, "Mulibe," bulauzi isanamasulidwe n'komwe batani. Ena anasamukira kwa telala wina wa ku Kamwala amene sankafunsa za m'thupi mwa munthu. Bana Mwape sanalowepo kuseri kwa nsaluyo mpaka kalekale. Ankatumiza kamisolo wakale kuti Saida ayezerepo. Koma analiponso amene ankabwera opanda nsalu, opanda chosoketsa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abiti, ndibwerekeni galasi pang'ono." Kwawo kunalibe malo oti munthu akhale yekha ndi thupi lake.

Mwa amene anapeza kanthu, ambiri anabwerako ku chipatala ndi nkhani yonga ya Saida. Mayi wina wogulitsa tomato anachotsedwa bere, nakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu, atavala kathumba ka mikanda. Wina, mkazi wofatsa wa ku Fort Jameson, anaulula kuseri kwa nsaluyo chinthu chimene anachibisa kwa zaka, chitaphulika kale kukhala chilonda. Ankaopa kuti mwamuna wake amubweza kumudzi. Ameneyo chipatala sichinathe kumuthandiza. Saida anapita kumaliro, ndipo sabata imeneyo sanasanzire munthu aliyense.

Amuna nawo anali ndi maganizo awo. Lamlungu lina kunabwera Abson, kalaliki wa ku positi ofesi, tayi ili pakhosi, mkwiyo uli pamphumi. Mkazi wake anali atayamba kudzitsekera m'nyumba mwezi uliwonse n'kumakweza manja. Abson ankafuna kudziwa kuti ndani akuphunzitsa akazi a eni zinthu zopanda ulemu. Analunjika kuchitseko, koma Che Lajabu anatambasula mwendo.

"Achimwene, m'menemo muli akazi a anthu. Mukalowa, mlandu wake simuutha. Khalani apa. Bawo mumalidziwa?"

Abson anati amalidziwa kwambiri. Anadyedwa koyamba, nati dzuwa linamuthobwa m'maso. Anasinthana malo, nadyedwanso. Pakati pa masewerawo Che Lajabu, amene pa tsiku wamba sankatha mawu khumi, anamufotokozera za tsiku limene anapalasa njinga kupita ku chipatala, mkazi wake ali pakaliyala, chete, wopepuka ngati mtolo wa udzu.

"Pobwerera ndinali ndekha," anatero akutola nkhomo. "Ndinalowa m'nyumbamu, muli zii. Ndinayesa kukangana ndi makina osokera. Achimwene, mkazi wokweza manja mwezi uliwonse ndi wabwino kuposa nyumba ya zii."

Abson anabwezera nkhomo m'maenje. Anapempha kuti asewerenso, nadyedwa kachitatu, napita.

Lamlungu lotsatira anabweranso, wopanda tayi, akutsogolera mayi wokalamba kwambiri wa ndodo, wa mphini kumaso. Anali amayi ake, ochokera ku Petauke, odzaona zidzukulu.

"Ba Saida," anatero Abson mwamanyazi, "nabweletsa amama. Muwaphunzise vija."

Saida anawalandira ndi manja awiri, nawalowetsa, nawafotokozera zonse mwaulemu: galasi, dzanja m'mwamba, zala zitatu. Gogoyo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenaka anati iye wabereka ana, waika ena m'manda, wathawa njala, wawoloka Luangwa pa bwato lobowoka, ndipo zimene zili m'thupi mwake azidziwa ndi amene anazilenga. Kuseri kwa nsalu sapitako.

Saida anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma gogoyo anali ataloza kale ndi ndodo pa chingwe chimene panapachikidwa makamisolo omalizidwa.

"Koma ako," anatero. "Kamene avala atsikana a m'tauni. Ungasoke kondikwana ine?"

Saida anayang'ana gogoyo, nayang'ana lamulo lake lopachikidwa pagalasi, naona kuti apa wakumana ndi wamkulu mnzake. Anachotsa tepi m'khosi.

"Kwezani manja, amama, ndiyeze."

Gogoyo anakweza. Saida anayeza pang'onopang'ono kuposa masiku onse, zala zake zikuyenda mozungulira pansi pa tepi, mpaka m'khwapa, mbali zonse ziwiri. Munalibe kanthu.

"Uchedwa, mwana iwe," anatero gogoyo. "Ndipo usanisokele koyela monga nili mu chipatala. Nifuna kofiila."